Manaini Atatu ndi Timitengo ta Ada Mhone

Ana anga, za ubwana wanga ku Ntcheu mwazimva mpaka kutopa nazo, sindizibwereza. Pano ndikuyankha funso limene mwakhala mukundifunsa, makamaka iwe Tadala: zinatheka bwanji kuti mayi amene anaphunzira makompyuta nthawi imene anthu ambiri anali asanaione n'komwe, apume ntchito ali pa giredi yomwe anayambira? Ena anakuuzani kuti ndinali wamwano. Eya, mwina ndinali. Koma werengani kaye, muweruze nokha.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Nditamaliza maphunziro ku Blantyre, kampani imene inandilemba inanditumiza ku depoti yake ya ku Nkhata Bay. Inali kampani yogula, kusunga ndi kunyamula mbewu. Dzina lake sindilitchula, inafa kale, iuse mumtendere. Anzanga onse anali amuna ndipo anatsala m'tauni. Ine ndekha, mkazi, ndi amene anandiponya kutali, ati kukayang'anira kompyuta imene anaika kumeneko. Bambo anu anapempha kusamutsidwa, anawapatsa sukulu ya pafupi ndi boma, tinanyamuka ndi Tadala kumsana, Mphatso anadzabadwira komweko pambuyo pake.

Kompyutayo inali yaikulu ngati kabati ya zovala, madisiki ake ngati chivundikiro cha poto. Kutentha kwa kunyanja sinkagwirizana nako, chinyezi cha dzinja sinkagwirizana nachonso. Mapepala akatha tinkasindikiza kuseri kwa akale. Riboni ya makina osindikizira ikauma ndinkaipaka inki ya chidindo ndi nthenga ya nkhuku, manja onse bii. Masiku amenewo chinthu cha mu ofesi sunkataya, chifukwa china chikanabwera liti sunkadziwa.

Ntchito yanga inali kulemba mapulogalamu m'chilankhulo chotchedwa COBOL. Kompyuta payokha chilankhulochi siimva. Pamakhala pulogalamu ina, kompayila, imene imamasulira zimene walemba kuti makina amve, monga amachitira womasulira kukhoti. Ndiye womasulira wathuyo anali ndi makhalidwe ake, ha! Ukalakwitsa pamzere wakhumi, iye ankakakuwira pamzere wa mazana anayi. Cholakwa chimodzi ankachilembera madandaulo masamba atatu, mapepala osowawo n'kumangopita. Koma zina ankazilekerera osanena kanthu, ndipo kulekerera kumeneko ndi kumene kunadzandipweteka.

Woyang'anira nkhokwe anali Ada Mhone, Mtonga wa komweko, munthu wachikulire amene anagwira pamenepo ine ndisanayambe sukulu. Dzuwa liswe mtengo, iwo tayi pakhosi, nsapato zopukuta bwino. Anali ndi kawerengedwe kawo. Ankadula timitengo totalika ngati chala n'kudzaza dengu. Thumba lililonse likamatuluka pakhomo paphewa la wonyamula, iwo ankaponya kamtengo kamodzi m'chitini. Tikakwana khumi ankatimanga ndi mphira ya chubu. Timitolo khumi ankatimanganso pamodzi ndi luzi, chimtolo chimodzi n'kukhala matumba zana. Akatha ankaika zonse m'katoni, kulembapo tsiku, kenako n'kulemba nambalayo pafomu yobwera kwa ine.

Ndinkawaseka. "Ada, nkhuni zimenezi mudzasiya liti? Kompyuta inabwera."

Iwo ankakonza tayi n'kunena ndi Chichewa chawo chokoka, "Ama, makina ŵinu akudya magetsi. Vimiti vangu vikudya kanthu cha. Magetsi akazima ine ndikuwerengabe."

M'pulogalamu ya nkhokwe, malo olembapo matumba otuluka ndinawapatsa manaini atatu. Mu COBOL umauziratu makina kukula kwa nambala: naini mmodzi ndi malo a nambala imodzi, atatu ndiye kuti malire ndi 999. Ndinaganiza kuti lole iti, boti liti, linganyamule matumba chikwi ulendo umodzi? Ndinalemba ndi dzanja langali, palibe anandikakamiza.

Chaka chachitatu, nyengo yotentha

Kunabwera bwana watsopano, a Zalimba, ochokera kummwera. Anali munthu wokonda kuoneka, baji ya chipani pachifuwa ngakhale Loweruka. Iwo sankakhulupirira anthu a kunyanja, ankati onsewo ndi pachibale, amabisirana. Anabwera ndi disiki yatsopano yochokera kulikulu, kompayila watsopano, ati wachangu ndi wamakono. Anandilamula kuti mapulogalamu onse ndiwamasulirenso ndi ameneyo, disiki yakale nditaye kudzala. Kumasulira ndinamasulira, ndipo womasulira watsopanoyo sanadandaule ngakhale mzere umodzi. Koma kutaya sindinataye. Ndinaikulunga m'nsalu n'kuiika pansi pa sutikesi, poganiza kuti tsiku lina ndidzasowa disiki yolembapo zina.

Tsiku lina a Zalimba anaitana tcheyamani wa chipani wa m'boma ndi anthu ake kudzaona kompyuta. Anaima pambali pake, dzanja lili pamwamba pake ngati ng'ombe yawo, n'kunena kuti, "Bwana tcheyamani, kuba kwatha pano. Munthu amanama, koma makina awa sanama." Anthu anaomba m'manja. Inenso ndinaomba, ndipo ndisabise, mtima unakoma.

Januwale wotsatira

Chaka chimenecho njala inavuta kuzilumba. Kunabwera lamulo loti titumize chimanga chambiri ulendo umodzi. Onyamula anagwira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mzere kuchokera kunkhokwe mpaka padoko, Ada Mhone ali pakhomo ndi chitini chawo. Fomu inabwera kwa ine pamodzi ndi mulu wa mafomu ena, ndinalowetsa zonse, basi.

Kutha kwa mwezi makina anatulutsa lipoti. Linati ulendo wa kuzilumba uja unatenga matumba 240 okha, choncho munkhokwe muyenera kukhala matumba chikwi kuposa amene analimo. A Zalimba anatenga fomu ya Ada Mhone, anaona palembedwa 1,240, n'kufuula kuti, "Mwaona! Waonjezera wani kutsogoloku pambuyo pake kuti abise!" Anatiitana tonse mu ofesi mwawo. Ada Mhone anati tidikire malisiti a kuzilumba abwere ndi sitima. A Zalimba anati olemba malisitiwo ndi abale awo omwewo. Ada Mhone anati timitengo tilipo. A Zalimba anaseka mpaka kutsokomola.

"Nkhuni ndi kompyuta, tikhulupirire chiti? Mayi, tatiuzani inu odziwa. Makina awa angalakwe?"

Ana anga, apa ndi pamene pali manyazi anga. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ayi bwana." Mantha analipo, koma kunyada kunaliponso, chifukwa pulogalamuyo inali yanga. Ada Mhone anangondiyang'ana.

M'mawa mwake inabwera galimoto ya apolisi. Muzimvetsa nthawi imeneyo: chimanga cha anthu anjala chikasowa sunkatchedwa wakuba chabe, unkatchedwa woukira boma. Munthu woteroyo ankatha kutengedwa osaonekera kukhoti, achibale osauzidwa kumene ali, ndipo kufunsa kunali kudziputira. Ada Mhone anawatenga atavala tayi yawo. Anawasunga kaye kupolisi ya paboma, mphekesera n'kumati mwezi ukatha awatumiza kummwera.

Febuluwale

Chinthu chimodzi chinkandisowetsa mtendere. Chikwi chenicheni, osaposa osachepa? Wakuba uti amaba mowerengera chonchi? Nanga matumba chikwi amatuluka bwanji m'tauni yaing'ono ngati ija, pamene ukagula nsapato zatsopano msika wonse umadziwa?

Patapita masabata awiri, nthawi ya nkhomaliro a Zalimba atachoka, analowa mayi wina atasenza katoni. Anali Ama NyaChirwa, akazi a Ada Mhone. Anatula katoniyo patebulo langa, pamwamba pa mapepala, osapempha n'komwe.

"Ama, ine sukulu ndilibe. Imwe muli nayo. Werengani."

Ndinati, "Mayi, nkhaniyi ili m'manja mwa apolisi."

"Apolisi ŵakana kuwerenga. Bwana winu wakana. Mwatsala imwe. Werengani, ine ndikhala pompano."

Anakhaladi pansi, pasimenti, miyendo tambalale. Ndinawerenga. Zimitolo zikuluzikulu khumi ndi ziwiri, timitolo ting'onoting'ono tinayi. Mphira zake zinali zitayamba kale kumatirira ndi kutentha, zoonetsa kuti sizinamangidwe dzulo. Onse pamodzi matumba 1,240. Ndinayatsa makina, ndinapanga nkhokwe yongoyerekeza, ndinalemba 1240. Pepala linatuluka: 240. Ndinalemba 2300. Linatuluka 300. Popanda chenjezo, popanda dandaulo, nambala yakutsogolo ikungodulidwa mwakachetechete.

Ndinatsegula pulogalamu n'kuwaona manaini anga atatu aja ali ndii. Mayo ine! Koma mutu unaimabe, chifukwa ndinakumbukira kuti chaka chapitacho tinatumizapo matumba oposa chikwi ku Mzuzu ndipo lipoti linali bwinobwino. Ndinathamangira kunyumba, dzuwa lili pamutu, kukatulutsa disiki ija pansi pa sutikesi. Ndinamasulira pulogalamu yomweyo, osasintha ngakhale kadontho, ndi kompayila wakale. Ndinalemba 1240. Linatuluka 1240.

Ndiye nkhani yake inali imeneyi. Womasulira wakale ankaona manaini atatu koma ankasiya malo otakasuka m'kati mwa makina, nambala yaikulu n'kumakwanamo, kulakwa kwanga n'kumabisika zaka zonsezo. Watsopanoyo ankatsata zimene ndalemba ndendende: wati atatu, ndikupatsa atatu, zotsalazo kudula. Buku lake limene linabwera ndi disiki linali ndi kamzere kamodzi konena zimenezi, chakumapeto, m'zilembo zing'onozing'ono. Sindinakawerenge, ndipo kulikulu palibe anatichenjeza.

Ndinawauza Ama NyaChirwa kuti, "Amuna anu sanabe." Iwo anati, "Icho ndikuchidziwa kale. Kauzeni ŵanthu ŵo."

A Zalimba atabwera ndinawaonetsa mapepala awiriwo. Anawayang'ana nthawi yaitali, anatseka chitseko, n'kuyamba kulankhula motsitsa mawu, mwaulemu umene ndinali ndisanaumvepo kwa iwo.

"Mayi, mwachita bwino kundiuza ine poyamba. Onjezerani naini winayo mwakachetechete, zithere pomwepa."

"Nanga Ada Mhone?"

"Za mkulu uja zisiyeni. Kalata ndinalemba kale kulikulu, ina kwa tcheyamani. Mukufuna ndikaime pamaso pa tcheyamani n'kunena kuti ndinanama? Ndipo inu mukuganiza kuti akakusiyani? Wolemba pulogalamu ndani? Wosunga disiki imene ndinati itayidwe ndani? Muli ndi ana awiri, mayi. Mkulu uja wakalamba kale."

Mawu omalizawo ndi amene anandipsetsa mtima. Ndinati, "Bwana, kukalamba si mlandu." Ndinatenga mapepala anga n'kutuluka.

Kunyumba bambo anu anagwira mutu. Musawaone ngati amantha, anali ataona mphunzitsi mnzawo akutengedwa m'kalasi choko chili m'manja. Anati, "Amake Tadala, anthu akusowa m'dziko muno chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewa. Ukatengedwa, Mphatso akayamwa kwa yani?" Ndinati, "Ndikakhala chete, mkaka umene aziyamwawo ukhala wa munthu wotani? Ndinanena kale bodza kamodzi pamaso pa mkulu uja. Kachiwiri ayi, zandikwana." Kenako anadzuka n'kukanditengera mapepala a kaboni ku sukulu kwawo.

Ndinalemba kalata imodzi, makope atatu. Chiganizo choyamba ndikuchikumbukira mpaka lero, chifukwa ndinachilemba kasanu ndisanakhutire: kulakwa kumene kwatsekeretsa Bambo Mhone ndi kwanga. Yoyamba ndinaiponya ku positi kupita kulikulu. Ina ndinapereka kwa a Zalimba m'manja. Yachitatu ndinapita nayo ndekha kupolisi, nditavala chitenje chatsopano, kadi ya chipani m'chikwama, Mphatso kumsana. Ndinaipereka n'kubwerera.

Patapita sabata ndi theka kunabwera mkulu wina wochokera kulikulu, pamodzi ndi wapolisi wovala zawamba, wa maso ofiira, amene dzina lake sanatiuze. Tinadzazana m'kachipinda ka kompyuta. A Zalimba anayamba ndi kunena kuti mayiyu wasokoneza makina dala pofuna kuteteza anthu a kuno, mwina anamudyetsa kanthu. Ndinati, "Ine ndine wa ku Ntcheu, bwana, Chitonga changa ndi cha moni basi. Ndipo makinawa sindiwakhudza. Disiki ndi iyi munabwera nayo inu, ili ndi siginecha yanu. Akhale pampando ndi abwana apolisiwa."

Wapolisiyo anandiyang'ana ngati ndamutukwana, koma anakhala. Ndinamuuza asankhe yekha nambala iliyonse yoposa chikwi. Anasaka mabatani ndi chala chimodzi n'kulemba 1500. Makina analira, pepala linatuluka. Analing'amba yekha n'kuwerenga: 500.

Pakamwa panga pamandipweteka kuyambira kale, mukudziwa. Ndinangomva ndanena kuti, "Ndiye matumba chikwi awa mwaba ndinu, bwana."

Mkulu wa kulikulu anayang'ana kudenga. Ine mumtima ndinati basi, Mphatso akula ndi phala. Wapolisiyo analemba nambala ina, kenako ina, mpaka kasanu, nkhope osasintha. Ndinasintha disiki, kuika yakale, analembanso, zonse zinatuluka zathunthu. Anapinda mapepala onse n'kuika m'thumba la malaya. Potuluka anaima pakhomo n'kunena kuti, "Mayi, pakamwa panupo muzipasamala." Anawonjezera kuti katoni ya timitengo ija ainyamulire kugalimoto.

Marichi

Ada Mhone anatuluka atakhala m'chitokosi masabata asanu ndi limodzi. Malisiti a kuzilumba anali atafika kale, ndipo anagwirizana ndi timitengo mpaka thumba lomaliza, koma palibe anapepesa. Kampani inawapumitsa ntchito, ati chifukwa cha ukalamba. Ine ndinalandira kalata ya chenjezo: kusasamala pa ntchito, kusunga katundu wa kampani kunyumba, ndi kunyoza akuluakulu. Choyambacho ndinachivomera. Zinazo ndinakana kusainira, ndipo kukana kumeneko anakulembanso mufailo. Kuyambira pamenepo dzina langa likafika pa tebulo la zokwezedwa, failo inkatsegulidwa n'kutsekedwanso. Anyamata amene ndinawaphunzitsa ndekha kuyatsa makina anadzakhala mabwana anga. A Zalimba anakwezedwa chaka chomwecho n'kupita kulikulu.

Ndinapita kukawaona Ada Mhone kwawo, kumtunda kwa Mwaya. Ndinawapeza pakhonde, mapazi otupa ali m'beseni la madzi ofunda, nsapato zija zosalowanso. Koma tayi inali pakhosi. Ndinagwada n'kunena kuti, "Ada, tsiku lija ndinati makina sangalakwe. Ndinakulakwirani."

Anati, "Ama, tsiku lija munayang'ana pansi. Ine ndinaona. Ndinati uyu abwera, kweni achedwa." Anaseka pang'ono, n'kuitana akazi awo kuti abweretse katoni ija, imene apolisi anabweza. Anasankha chimtolo chimodzi n'kundipatsa ndi manja awiri. "Tawonga ukongwa, zikomo kwambiri. Ichi mukaike pafupi ndi makina ŵinu, chiziwayang'anira."

Ndinachiikadi pamwamba pa kompyuta, ndipo chinayenda nane m'maofesi onse mpaka tsiku lopuma. Bwana aliyense watsopano ankafunsa kuti nkhunizi n'zachiyani, ine n'kumuuza kuti ndi oditala wanga, wondifufuza mawerengero. Ada Mhone anamwalira patangopita zaka ziwiri, miyendo ija sinachirenso. Masabata awiri amene ndinakhala chete aja ndimawawerengabe, ndipo palibe angandiuze kuti sanawonjezere kanthu pa matenda awo.

Tsono Tadala, yankho lako ndi limenelo. Giredi ndinaisiya ndekha, maso ali tseguka, ndipo atandibwezera tsiku lija ndikhoza kupitanso kupolisi kuja, kungoti ulendo uno sindingadikire kuti mayi wosaphunzira adzandikhalire pasimenti. Penshoni yanga ndi yochepa, nyumba yathu mukuiona, koma musadzandimvere chisoni pamaliro, sindikufuna. Mukamadzagawana za m'sutikesi yanga yabuluu, pansi penipeni mudzapeza kalata ya chenjezo yopanda siginecha yanga, ndi mtolo wa timitengo zana tomangidwa ndi luzi. Kalatayo mukhoza kukolezera mbaula. Timitengoto ayi.